Ninja wa pa kaseti: ndatola ZX Spectrum ku Leeds koma gemu ikukana kulowa

Bambo a Tadala
Abale, ndigawireni nzeru. Lamlungu lapitali ndinalawirira kumsika uja wa kuno ku Leeds kumene azungu amatsegula mabuti a magalimoto n'kumagulitsa zimene zawakwana m'nyumba. Kaunjika wa kuno, tingotero. Ndimafuna njinga ya Tadala. Njinga sindinaipeze, koma ndinabwera ndi katoni ya mapaundi 25: kompyuta yakale ya ZX Spectrum ya memore ya 48K, ija ya mabatani a labala ndi utawaleza pakona, wailesi ya kaseti, ndi makaseti 14. Awiri ali ndi ninja pachikuto. Ina yalembedwa Saboteur!, inayo Shinobi. Mayi a kunyumba sanandiyankhule mpaka madzulo.

Kompyutayo ikuyaka bwinobwino, pansi pa sikirini pakutuluka mawu akuti 1982 Sinclair Research Ltd. Koma ndikaika kaseti imalira ngati nyenje kwa mphindi zitatu, kenako n'kulemba "R Tape loading error". Ndayesa kasanu ndi kawiri. Alipo pagulu pano amene anagwirako chinthu chimenechi?

Wa ku Ndirande
Dikirani kaye. Gemu ili pa kaseti? Kaseti yomwe ija tinkajambulapo nyimbo za pa wailesi n'kumaibweza ndi bolopeni kuti mabatire asathe? Achimwene, akudyerani mapaundi azunguwo. Mvetserani bwino, mwina muli kwaya.

Aphunzitsi Opuma
Sanawapusitse, a ku Ndirande. Ndinali ku Manchester pa maphunziro kuyambira 1986 mpaka 1988, ndipo mwana wa eni nyumba imene ndinkakhala anali nayo yomweyo. Kulira kumene akukumvako ndiye gemuyo. Kompyuta imamvetsera phokosolo n'kulisandutsa manambala, ndipo gemu yodzaza 48K imatenga pafupifupi mphindi zisanu kuti ilowe.

Bambo a Tadala, chitani izi. Waya ulowe pa bowo lolembedwa EAR mbali zonse ziwiri, ku wailesi ndi ku kompyuta, wa MIC muuzule kaye. Voliyumu ikhale pamwamba koma isafike kumapeto. Pukutani hedi ndi thonje lonyowetsa ndi sipiriti, monga tinkachitira ndi mawailesi athu kwathu. Zikakanikabe, pafupi ndi hedi pali kasikuluwu kakang'ono. Kaseti ikulira, katembenuzeni pang'onopang'ono mpaka phokoso limveke lakuthwa kwambiri, osati lotsekeka ngati munthu wa chimfine. Muziyang'ana m'mphepete mwa sikirini. Mizere yofiira ndi yobiriwira motuwa ndiye kuti kompyuta yamva kuti kukubwera chinthu. Yachikasu ndi yabuluu ndiye kuti ikumeza.

Bambo a Tadala
Zikomo aphunzitsi. Ngakhale kulemba LOAD komweko kunandizunza. Ndinayamba ndi L, iyo n'kulemba LET.

Aphunzitsi Opuma
Dinani J kamodzi, LOAD ituluka yonse. Kenako gwirani Symbol Shift n'kudina P kawiri. Batani lililonse pamenepo lili ndi ntchito zinayi kapena zisanu, ngati mphunzitsi wa pasukulu ya kumudzi.

Mfana wa Joni
Madala, musataye nthawi ndi Saboteur. Ikani Shinobi. Imeneyo ndiye gemu ya ninja. Sega anaitulutsa mu 1987 pa makina aja oponyamo ndalama, n'kudzafika pa makompyuta a m'nyumba mu 1989. Ndiwe Joe Musashi, gulu la zigawenga lotchedwa Zeed laba ana, ukuyenda kulowera kumanja ukuponya nyenyezi, mdani akayandikira umamutema kapena kumumenya theche. Ukhoza kudumphira pamwamba pa khonde n'kutsikanso. Chipolopolo chimodzi chikakukhudza wafa, palibe zoti mphamvu zikuchepa pang'onopang'ono. Zikakuthina uli ndi matsenga kamodzi pa chigawo, adani onse pa sikirini psiti. Mamishoni asanu, iliyonse ili ndi bwana wake kumapeto. Wachiwiri ndi helikopita yathunthu, iwe uli ndi tinyenyezi m'manja. Ine ndimaisewera mushopu makasitomala akasowa.

Wa ku Ndirande
Ninja dzina lake Joe? Wa ku Japan wake uti ameneyo, kapena ndi Joe wa pa minibasi?

Mfana wa Joni
Aise, ankafuna agulitse ku America.

Nasibeko
Ndalowa mochedwa, ndinali pa mzere wa mafuta. Mfana wa Joni, Shinobi imene ukuitamayo ndi ya makina a Sega, osati ya pa Spectrum. Pali kusiyana kwakukulu, ndipo nkhani yonse yagona pomwepo.

Shinobi imafuna kuti chithunzi chonse chiziyenda nawe limodzi. Ukamapita kumanja, nyumba ndi makontena zikutsetsereka kupita kumanzere. Commodore 64, kompyuta ina ya nthawi yomweyo, inali ndi chip yotchedwa VIC-II imene inkatha kusuntha chithunzi yokha, kuphatikizapo tizithunzi 8 toyenda patokha popanda kufufuta za kumbuyo. Spectrum ilibe chilichonse cha zimenezi. Muli purosesa ya Z80 ya 3.5 MHz basi, ndipo ntchito yonse ndi yake. Sikirini ya Spectrum ndi madontho 256 m'lifupi, 192 m'litali, imene ndi mabayiti 6,144, kuwonjezera 768 a mitundu. Kuti chithunzi chisunthe ndi dontho limodzi lokha, purosesa iyenera kunyamula mabayiti onsewo n'kuwaikanso, kenako iganizire adani, kenako imvere batani limene wadina, kenako ilize sipika, chifukwa ngakhale phokoso pa 48K limadya nthawi ya purosesa yomweyo. Ndiye opanga magemu ankachepetsa zenera losewereramo, kapena kuchotsa mitundu, kapena kulola kuti chithunzi chiziyenda monjanja.

Clive Townsend, amene analemba Saboteur! mu 1985 ku Durell Software ya ku Taunton, sanalimbane nazo zimenezo. Chithunzi chake sichiyenda. Ukafika kumapeto kwa sikirini, chipinda china chimangoti bwa, ngati watsegula tsamba lina la buku. Mphamvu zimene anapulumutsa anaziika pa ninja wamkulu woyenda ngati munthu.

Mfana wa Joni
Ndiye mwavomereza nokha achemwali, inathawa ntchito.

Nasibeko
Inadziwa msinkhu wake. Ndipo taona china. Pa Spectrum sikirini inagawidwa m'timabwalo ta madontho 8 kwa 8, ndipo kabwalo kalikonse kamangololedwa mitundu iwiri. Munthu wofiira akadutsa patsogolo pa khoma lobiriwira, mwina khomalo lifiira kapena munthuyo abiriwira. Magemu ambiri a Spectrum amaoneka ngati mwana watayira penti chifukwa cha zimenezi. Koma ninja wa Saboteur ndi wakuda bii, alonda akuda, agalu akuda. Inki yakuda imakhala bwino pa pepala la mtundu uliwonse. Khoma likhale labuluu, lobiriwira, lachikasu, iye akudutsa osadetsa kanthu. Ine ndimalemba mapulogalamu tsiku ndi tsiku, pa laputopu ya 16 GB, koma nditaona nzeru imeneyi ndinagwira pakamwa. Chilema cha makina anachisandutsa yunifomu.

Aphunzitsi Opuma
Mwana wanga, wafotokoza zimene ndinkaziona ndi maso osazimvetsa. Ine chimene chinandigwira chinali chiyambi chake. Palibe nyimbo ya nkhondo, palibe adani khumi. Uli m'bwato la labala usiku, ukufika pa doko, ukudumphira m'madzi, ukukwera. Nyumbayo imaoneka ngati yosungiramo katundu koma pansi pake pali zipinda, makwerero, ngalande, mpaka sitima yoyenda pansi panthaka. Akutuma kukaba disiki imene muli mayina a atsogoleri a gulu loukira, ndipo uthawe pa helikopita imene ili padenga. Ukafuna malipiro ochuluka, upeze bomba ukalisiye pamene panali disikiyo. Nthawi ikuwerengedwa chobwerera.

Pansi pa sikirini pali timabokosi tiwiri, HELD ndi NEAR: chimene wanyamula ndi chimene chili pafupi. Umanyamula chinthu chimodzi basi. Waponya nyenyezi yako, yapita. Utole chimene wapeza, kaya mpeni, kaya njerwa, kaya chidutswa cha paipi. Ninja woponya njerwa! Ine ndi mnyamata uja tinkajambula mapu pa pepala la masamu, chipinda ndi chipinda. Mayi ake ankaganiza kuti ndikumuphunzitsa jometire.

Wa ku Ndirande
Ninja woponya njerwa ndiye wathu ameneyo. Tinali naye ambiri ku Ndirande.

Koma kunena zoona, ife za makompyuta sitinkazidziwa. Kompyuta imeneyi imafuna TV, pamene Malawi inalibe siteshoni ya kanema mpaka 1999. Ninja tinamudziwira ku vidiyo sho. Kachipinda ka mdima, mabenchi, fungo la thukuta ndi chimanga chokazinga, pakhomo bolodi yolembedwa ndi choko. Ukasowa ndalama umasuzumira pa kabowo mpaka mwini wake akuthire madzi. Tikatuluka, juzi ya sukulu kumutu, manja ake kumanga kumbuyo, maso okha kuoneka. Nyenyezi tinkadula ku zivindikiro za zitini ndi sizasi ya amayi. Mphwanga anabaya nayo nkhuku ya aneba, ndipo chikwapu chimene tinalandira tsiku limenelo ndimachimvabe kukamazizira.

Mayi a Mapasa
Inu a ku Ndirande mwandikumbutsa mlongo wanga, anatha sizasi ziwiri. Ife ku Kawale tinadzapeza TV gemu cha m'ma 1990, ija ya makatiriji achikasu olembedwa kuti muli magemu mazanamazana pamene enieni ndi khumi obwerezabwereza. Munali ya ninja wina wodumpha kupitirira mitengo, akuthamangira mwana wa mfumu amene wabedwa. Ndi imodzi mwa zimenezi?

Mfana wa Joni
Imeneyo ndi The Legend of Kage, mayi. Ya Taito, 1985. Inatulukanso pa Spectrum ndi pa Commodore 64. Mukuona? Ngakhale amayi akukumbukira yothamanga ndi kumenya, osati yojambula mapu ngati uli ku ofesi ya za malo.

Mayi a Mapasa
Ine ndikukumbukira kuti adaputala inkatentha mpaka tinkaiika pa nsalu yonyowa. Usandikokere kumbali yako.

Aphunzitsi Opuma
Mfana wa Joni, ndikufunse. Dzina lakuti shinobi ukulidziwa tanthauzo lake? Ninja ndi shinobi ndi mawu ochokera ku chilembo chimodzi cha Chijapani, ndipo chimanena za kuzemba, kubisala, kupirira. Anthu a ku Iga ndi ku Koga, m'mapiri a pakati pa Japan, ntchito yawo yaikulu inali ukazitape: kulowa mumpanda wa adani, kumva zimene akukonza, nthawi zina kuyatsa moto, n'kubwerako wamoyo. Mtsogoleri wa nkhondo Oda Nobunaga anachita kuwatumizira gulu lalikulu la nkhondo mu 1581 kuti aphwanye Iga. Tsono munthu woyenda pakati pa msewu masanasana, nkhope pamtunda, akupha aliyense amene wakumana naye, ameneyo ndi shinobi? Gemu yotchedwa Shinobi mulibe kuzemba ngakhale pang'ono. Mu Saboteur, ukapsa mtima n'kumalimbana ndi mlonda aliyense nthawi ikuthera. Mphamvu zikachepa umapeza chipinda chopanda munthu, n'kuima duu mpaka zibwerere. Wopambana ndi amene wadutsa mwakachetechete.

Mfana wa Joni
Aphunzitsi, ulemu wanu, koma ine sindiyatsa gemu kuti ndikaime duu. Kuima duu ndimaima kale pa Home Affairs.

Ndipo musaipeputse Shinobi. Simungangothamanga n'kumaponya. Mdani aliyense ali ndi malo ake ndi nthawi yake. Wa mfuti umamugwadira, wa chishango umadikira aponye lupanga lake kaye. Ukaloweza zonsezo umadutsa chigawo chonse osaima, ngati gule. Ndiye pali kagawo kaja ka bonasi, ukuona manja ako okha, maninja akudumpha kuchokera kutali kubwera kwa iwe, mmodzi akangofika pamaso pako zatha. Mtima umagunda. Saboteur ili ndi chiyani chofanana ndi chimenecho?

Nasibeko
Agalu.

Aphunzitsi Opuma
Agalu, ndithu! Ukulowa m'chipinda, galu ali kale m'miyendo. Ndipo kupha galu kulibe malipiro, ndiye umangomudumpha. Palinso timfuti ta kudenga totsata pamene uli.

Wa ku Ndirande
Nkhani ya agalu ndiye musandiuze. Amene anabako mango kumpanda kwa bwana ku Nyambadwe safunika gemu.

Mfana wa Joni
Sega anamva madandaulo anu. Mu Shadow Dancer ya 1989 galu ali mbali ya ninja, umamutuma akagwire mdani iwe n'kumalizitsa.

Admin
Ndikukumbutseni kuti funso linali la kaseti yokana kulowa. Komanso amene waika link ya malonda a ndalama za pa intaneti ndamuchotsa. Pitirizani.

Nasibeko
Bambo a Tadala, kaseti ikakhala kuti inafa, musadandaule. Tepi ya zaka pafupifupi 40 imatha kufufutika. Anthu anasunga magemu amenewa ngati mafayilo a TZX ndi TAP, ndipo mukhoza kuliza phokosolo kuchokera pa foni kapena laputopu kulowetsa pa EAR pomwepo. Vuto ndi loti mafoni ambiri mawu ake ndi ochepa, Spectrum imafuna kukalipiridwa. Ndipo chonde musayese adaputala ina iliyonse imene mwaipeza mudirowa. Imafuna 9V, koma waya wapakati ndi negative, mosemphana ndi ambiri a masiku ano. Mukalakwitsa mununkhiza utsi.

Enanu amene mulibe makinawo, pali emuleta, pulogalamu yoseweretsa magemu akalewa pa kompyuta ya masiku ano, yotchedwa Fuse ya Spectrum ndi VICE ya Commodore 64, zonse zaulere. Gemu yonse ndi yochepa kuposa chithunzi chimodzi chimene mumatumiza pa WhatsApp, bandulo siimva n'komwe. Townsend mwini wake anaikonzanso Saboteur mu 2015, ndipo pano imapezeka pa Steam ndi pa Nintendo Switch.

Mayi a Mapasa
Funso langa ndi lakuti, maninja onsewa ndi amuna okhaokha? Ife ntchito yathu ndi kubedwa basi?

Nasibeko
Ayi mayi, ndipo apa ndi pamene ndimamukondera Townsend. Saboteur II ya 1987 ninja wake ndi mkazi, Nina, mlongo wake wa woyamba uja, wabwera kudzabwezera imfa ya mlongo wakeyo. Amafika pa kaiti yaikulu youluka nayo munthu, n'kudziponya padenga la likulu la adani. Zipinda pafupifupi 700 mu 48K yomweyo. M'malo mwa agalu muli amphaka akuluakulu a mtundu wa puma, alonda ndi maloboti olavula moto, ndipo pothawa amakwera njinga yamoto. Lara Croft, mkazi uja wa mu gemu ya Tomb Raider, anadzabwera mu 1996, patapita zaka 9. Koma ndisaname, yachiwiriyi imayenda mwaulesi poyerekeza ndi yoyamba, ndipo kukula kwake kumatopetsa. Umatha mphindi zambiri ukungotsika makwerero.

Aphunzitsi Opuma
Imeneyo sindinaimalize. Ndinabwerera kumudzi mapu ali theka.

Chinanso chimene ndikukumbukira cha nthawi imeneyo, akuluakulu a ku Britain anada nawo nkhawa maninja. Ana a sukulu ankagula nyenyezi zenizeni zachitsulo, ndipo mu 1988 boma linaziika pa mndandanda wa zida zoletsedwa kugulitsa. Ngakhale liwu lenilenilo ankaliopa: akamba aja a pa katuni kumeneko anawachotsa dzina la Ninja n'kuwatcha Hero Turtles. Gemu ya Ninja Gaiden ku Ulaya inagulitsidwa ngati Shadow Warriors. A ku Ndirande, mukanakhala kumeneko ndi zivindikiro zanu zija bwenzi nkhani ili kupolisi.

Wa ku Ndirande
Bola kupolisi aphunzitsi, kusiyana ndi amayi anga.

Mfana wa Joni
Chabwino, ndivomereze chimodzi. Ndatsitsa Fuse, ndayesa Shinobi ya Spectrum. Si imene ndimaidziwa ija. Zonse zilimo, ana, mabwana, bonasi, koma ikukhala ngati munthu wavala suti ya mkulu wake. Ya Commodore 64 ndiye ikuyenda bwino. Koma Saboteur ndaiyesanso, ndafa kanayi osaona ngakhale sitima yanuyo. Ndimakwera makwerero, kutsika, kubwerera pomwe ndinayambira.

Nasibeko
Tenga pepala ndi pensulo.

Mfana wa Joni
Zimenezo ndiye ayi.

Bambo a Tadala
Abale, YALOWA! Aphunzitsi, Mulungu akudalitseni, kanali kasikuluwu kaja. Ndinakatembenuza pang'ono chabe, phokoso linasintha ngati khutu latsekuka. Ndinakhala chete mphindi zonsezo, Tadala ndinamuletsa ngakhale kuyenda pafupi ndi tebulo. Chithunzi chinayamba kutuluka mzere ndi mzere, chakuda ndi choyera, kenako mitundu n'kudzaza kuchokera pamwamba. Munthu wamkulu ine ndinakuwa.

Shinobi ndiye yakanabe, tepi yake yapindika penapake ngati inatafunidwapo. Pepani a Joni.

Mfana wa Joni
Mwachita kupangana.

Bambo a Tadala
Tadala ali ndi zaka 9, anazolowera magemu a pa tabuleti. Poyamba anaseka kuti munthuyo alibe nkhope. Ndinamupatsa mabatani, galu woyamba anamudya. Wachiwiri anamudumpha. Pano wakana kukagona, watenga kope lake la sukulu akujambula zipinda, palibe amene wamuuza. Wandifunsa kuti asevera pati kuti asunge pamene wafika, ndamuuza kuti kulibe, ukazimitsa uyambirenso kaseti. Wandiyang'ana ngati ndamuuza kuti kale tinkadya miyala.

Aphunzitsi Opuma
Muuzeni ayambe pa level 1, ilipo 9. Kumwambako zitseko zina zimakhala zokhoma, umachita kukazitsegula pa makompyuta a m'zipinda zina. Ndipo asamataye nyenyezi pa galu.

Mayi a Mapasa
Mayi a Tadala akuti bwanji tsopano?

Bambo a Tadala
Angozula pulagi kuti aikepo ayironi. Sanadziwe. Tinali titangofika pa sitima.

Tadala akubweza kaseti ndi bolopeni, akuti wailesiyo ikuchedwa. Aphunzitsi, tikatsika sitima ija tilowere kumanja kapena tikwere makwerero?